Nyimbo 12 zomwe anthu anagula asanazimve

Usiku wa pa 12 Ogasiti 2025, nthawi itangodutsa 12 koloko ndi mphindi 12 ku New York, woimba Taylor Swift anatsegula kachikwama kobiriwira n'kutulutsamo chimbale. Chikuto chake anachiphimba dala kuti chisaoneke bwino, moti oonera anangotola dzina lokha, The Life of a Showgirl. Kanemayo anali wa masekondi ochepa, wodulidwa kuchokera ku pulogalamu ya macheza ya New Heights yomwe amachititsa Travis Kelce, yemwe panthawiyo anali chibwenzi cha woimbayu, ndi mkulu wa Travisyo, Jason. Kunja kusanache, tsamba la Swift pa intaneti linali litayamba kale kulandira ndalama za anthu osungitsa chimbalecho. Panthawiyo tsiku lotulutsa linali lisanalengezedwe, mayina a nyimbo asanatchulidwe, chikuto chenicheni chisanaoneke.

Zotsalazo zinadziwika tsiku lotsatira, pomwe pulogalamu yonse ya maola pafupifupi awiri inaulutsidwa, anthu oposa 1.3 miliyoni akuonera nthawi imodzi pa YouTube. Chimbalechi, chomwe ndi cha nambala 12 mwa zimbale zatsopano za Swift, chinatuluka Lachisanu pa 3 Okutobala 2025 ndipo muli nyimbo 12. Chinafika pa Spotify ndi Apple Music pakati pa usiku ku New York, kuno kwathu ili 6 koloko m'mawa. Chisanatuluke, panalibe nyimbo ngakhale imodzi yomwe anaiponya pa wailesi kuti ikhale kalambulabwalo, monga mwa mwambo wa oimba ambiri. Ogula ankachita ngati mavenda ogula chimanga chikadali m'munda, odalira mbiri ya mlimi ndi zomwe anakolola chaka chatha.

Mbiriyo ndiye ilipo. Chimbale chake cha m'mbuyo mwa ichi, The Tortured Poets Department, chomwe chinatuluka pa 19 Epulo 2024, chinagulidwa ndi kumvetseredwa mofanana ndi makope 2.61 miliyoni m'sabata yoyamba ku America kokha. Ulendo wake wa zoimbaimba wa Eras Tour unayamba pa 17 Malichi 2023 ku Glendale, Arizona, n'kutha pa 8 Disembala 2024 ku Vancouver, Canada, ataimba maulendo 149 pamaso pa anthu oposa 10 miliyoni. Matikiti okha anabweretsa madola oposa 2 biliyoni, zomwe woimba aliyense anali asanazifikepo. Ulendowo unazungulira makontinenti asanu. Africa sinali m'gulumo.

Kupuma kwake kunali ku situdiyo

Chodabwitsa n'chakuti chimbale chatsopanochi chinaphikidwa ulendowo uli mkati. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti 2024 Swift anali ku Ulaya, kuyambira ku Paris n'kukathera ku Wembley mu London. Chionetsero chilichonse chinkatenga maola oposa atatu, nyimbo zoposa 40, kusintha zovala kangapo, kuthamanga kuchoka mbali ina ya nsanja kupita ina. Iye anafotokoza pa New Heights kuti akaimba masiku atatu otsatizana n'kupatsidwa masiku opuma, ankakwera ndege kupita ku Sweden kukajambula, kenako n'kubwerera kukapitiriza ulendo. Thupi linali lotopa, anatero, koma mutu unali wogalamuka.

Ku Sweden ankatsatira anthu awiri, Max Martin ndi Shellback. Mayinawa ambiri sawadziwa, koma nyimbo zawo anazivina. Max Martin, dzina lake lenileni Karl Martin Sandberg, anabadwira ku Stockholm mu 1971 ndipo ntchito anaiphunzirira mu situdiyo ya Cheiron pansi pa Denniz Pop. Ndiye analemba nyimbo yomwe inatchukitsa Britney Spears mu 1998, analembanso nawo nyimbo zikuluzikulu za Backstreet Boys, ndipo pambuyo pake anagwira ntchito ndi Katy Perry, The Weeknd ndi Ariana Grande. Pa olemba nyimbo zomwe zinafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard Hot 100, amene amamuposa ndi Paul McCartney yekha. Mkuluyu sakonda kucheza ndi atolankhani, n'chifukwa chake nkhope yake ingakudutseni pamsika osaizindikira. Shellback, yemwe dzina lake ndi Karl Johan Schuster, ndi wophunzira wake amene anachokera ku magulu oimba nyimbo zaphokoso za gitala ndi ng'oma.

Atatuwa si alendo. Nyimbo yoyamba ya Swift kufika pa nambala 1, We Are Never Ever Getting Back Together ya mu 2012, anaipanga limodzi. Mu 2014 anabwereza ndi Shake It Off komanso Blank Space za m'chimbale cha 1989, chomwe chinamuchotseratu mtsikanayu ku nyimbo za country zomwe anayambira ku Nashville n'kumuika pakati pa bwalo la pop. Anamaliza ndi Reputation mu 2017, kenako njira zawo zinasiyana kwa zaka zisanu ndi zitatu.

M'zaka zimenezo Swift anadalira wokonza nyimbo Jack Antonoff, ndipo kuyambira mu 2020 anawonjezerapo Aaron Dessner wa gulu la The National. Ndi iwowa anatulutsa Folklore ndi Evermore nthawi ya Covid-19, zimbale zofatsa, za piyano ndi gitala, zodzaza ndi nthano. Pachimbale chatsopanochi Antonoff palibe, Dessner palibenso. Ndi nkhani yaikulu kwa otsatira woimbayu, chifukwa Antonoff dzina lake linkapezeka pa chimbale chatsopano chilichonse cha Swift kuyambira 2014.

Kusinthaku kukukhudza mmene nyimbo imabadwira. Max Martin amadziwika ndi kuika chuni patsogolo. Kwa iye mawu ayenera kulowa bwinobwino m'chuni, mzere uwu ufanane kutalika ndi mnzake, kolasi ifike msanga ndipo munthu aigwire akangoimva kawiri. Swift mphamvu yake ili m'mawu. Amakonda kulongosola, kutchula sikafu yomwe inaiwalika kunyumba kwa mlongo wa chibwenzi, tsiku la sabata, msewu womwe anadutsa. Ukamusiya yekha, mzere umodzi amaupanikiza mawu mpaka kusowa popumira. Akakumana awiriwa wina amakoka kuno wina uko, ndipo mwa kukokanako ndi momwe munatuluka nyimbo zomwe zinamveka mpaka m'maminibasi a mayiko omwe Swift sanapondemo.

Bwanji 12 zokha?

Ine chomwe chandikopa kwambiri pa zonse zomwe zalengezedwa ndi kuchepa kwa nyimbo. The Tortured Poets Department inatuluka ndi nyimbo 16, ndipo patangopita maola awiri usiku womwewo anawonjezera zina 15, zonse pamodzi 31, zotenga maola oposa awiri. Malonda anayenda, koma olemba ndemanga za nyimbo ambiri anadandaula chinthu chimodzi, chakuti panasowa munthu wolimba mtima womuuza kuti izi zikhale, izi zitayidwe. Ndikugwirizana nawo. Muli nyimbo zabwino m'chimbale chija, koma zinamira pakati pa zinzake zofanana chuni, zofanana liwiro, zodandaula za munthu yemweyo.

Vutoli si la Swift yekha. Chiyambireni kumvetsera nyimbo pa intaneti, zimbale zakhala zikutalika chifukwa nyimbo iliyonse yomvetseredwa imawerengedwa. Drake anaika nyimbo 25 mu Scorpion mu 2018. Morgan Wallen anaika 36 m'chimbale cha 2023, ndipo cha Meyi 2025 chili ndi 37. Woimba akadzaza chimbale chotere, otsatira ake akangochidutsa kamodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto, manambala amakwera kuposa a mnzake wa nyimbo khumi. Ndi nzeru ya malonda, koma womvera amatopa.

Swift ananenetsa pa pulogalamu ija kuti ulendo uno palibe nyimbo zina zobisika zomwe zidzatulukire pakati pa usiku. Zili 12 basi, ndipo akuti iliyonse ili ndi chifukwa chokhalira pamenepo. Kwa munthu amene amalemba mosadukiza ngati iyeyu, kusiya nyimbo kunja n'kovuta kuposa kulemba ina. Kukutanthauzanso kuti pobisala palibe. M'chimbale cha nyimbo 31, zisanu zikafooka anthu amangozidumpha. Mwa 12, zitatu zikafooka ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi lapita.

Chimbale choyamba cha mwini chuma

Kuti munthu amvetse chifukwa chomwe otsatira Swift anachitengera chimbalechi ngati chikondwerero, ayenera kubwerera ku 2005. Chaka chimenecho, ali ndi zaka 15, anasayina mgwirizano ndi kampani yatsopano ya Big Machine Records ya Scott Borchetta ku Nashville. Monga zimakhalira m'migwirizano yambiri yotere, nyimbo ngati zolembedwa, mawu ndi chuni, zinali ndi gawo lake iye monga mlembi, koma zojambulidwa zenizenizo, zomwe oimba amangoti masita, zinali za kampani. Zimbale zisanu ndi chimodzi, kuyambira choyamba cha 2006 mpaka Reputation, zinatuluka pansi pa mgwirizanowu.

Mu Novembala 2018 anasamukira ku Republic Records, komwe anagwirizana kuti masita ya chilichonse chatsopano ikhale yake. Mu Juni 2019 Big Machine inagulidwa ndi kampani ya Scooter Braun pa mtengo wa madola pafupifupi 300 miliyoni, zimbale zisanu ndi chimodzi zija zili momwemo. Swift anakwiya poyera, ponena kuti ntchito ya moyo wake yapita m'manja mwa munthu yemwe sankagwirizana naye. Mu Novembala 2020 Braun anagulitsanso zimbalezo kwa kampani ya Shamrock Capital.

Apa ndi pomwe mtsikanayu anachita zomwe ambiri ankaziona ngati masewera. Poti nyimbozo anazilemba yekha kapena ndi anzake, lamulo linkamulola kuzijambulanso nthawi yoletsedwa itatha. Analowa mu situdiyo n'kuyambiranso, liwu ndi liwu, gitala ndi gitala. Fearless yatsopano inatuluka mu Epulo 2021, Red mu Novembala chaka chomwecho, Speak Now mu Julayi 2023, ndipo 1989 mu Okutobala 2023, chilichonse chili ndi chizindikiro chakuti Taylor's Version. Otsatira ake anasiya kumvetsera zakale, mawailesi ena anasinthanso. Chuma chomwe Shamrock inagula chinayamba kuchepa mphamvu mwini wake woyamba akuyang'ana.

Pa 30 Meyi 2025 Swift analengeza kuti wagula zonse, zimbale, makanema, zithunzi ndi nyimbo zomwe sizinatulukepo. Mtengo sanautchule, koma magazini ya Billboard inalemba kuti unali pafupifupi madola 360 miliyoni. Pa New Heights anasimba kuti kokakambirana ndi Shamrock ku Los Angeles sanatumeko gulu la maloya, anatuma mayi ake ndi mlongo wake. Patapita nthawi mayi akewo anamuimbira foni kumuuza kuti zatheka, iye n'kugwa pansi kulira.

Oimba athu a nthawi ya makaseti nkhani yotereyi si yachilendo kwa iwo. Alipo amene ankati akatuluka mu situdiyo, masita ili m'manja, ngongole ya situdiyo ili pakhosi, ankaipereka kwa ogulitsa makaseti pa mtengo wa kamodzi n'kamodzi. Nyimbo ikaphulika, ikulira m'mabala ndi m'maukwati, mwini mawu analibenso chake. Kusiyana kwake n'kwakuti Swift anali ndi ndalama zowombolera komanso khamu la anthu okonzeka kugula kachiwiri chimbale chomwe anali nacho kale.

Choncho The Life of a Showgirl ndi chimbale choyamba chomwe anatulutsa nyimbo zake zonse, zakale ndi zatsopano, zili m'dzina lake. Onjezerani kuti pa 26 Ogasiti 2025 iye ndi Travis Kelce, wosewera mpira wa ku America mu timu ya Kansas City Chiefs, analengeza kuti atomerana. Funso lomwe linatsala chimbalecho chisanatuluke linali losasangalatsa koma loyenera kufunsidwa. Munthu amene kwa zaka pafupifupi 20 wakhala akudyera nyimbo za kusweka mtima, kunyozedwa ndi kulandidwa, adzaimba chiyani tsopano poti chikondi wapeza, chuma wawombola, adani wawagonjetsa?

Zomwe mayina akunong'ona

Yankho lake iye n'lakuti chimbalechi chikukamba za kuseri kwa nsanja, zomwe zinkachitika mumtima mwake magetsi akazima. Showgirl ndi mkazi wovina m'mabwalo a zisangalalo a ku Las Vegas ndi Paris, uja wovala nthenga zazitali kumutu ndi mikanda yonyezimira, amene ntchito yake ndi kumwetulira ngakhale mapazi akutuluka matuza. Zithunzi za chimbalechi, zomwe anajambula Mert Alas ndi Marcus Piggott, zatsata maonekedwe amenewo, ndipo mtundu womwe wasankha ndi wa lalanje wonyezimira. Tsiku lolengeza lija nyumba ya Empire State ku New York inayatsa magetsi a mtundu womwewo.

Pachikuto, Swift wagona m'madzi, nkhope yokha ndi mbali ya thupi zili pamtunda, atavala chovala cha mikanda. Akuti chithunzicho chikuonetsa mmene tsiku lake linkathera paulendo uja, m'bafa, osati pansanja. Ambiri aona kuti chikufanana ndi chojambula chotchuka cha John Everett Millais cha m'ma 1850, chosonyeza Ophelia akuyandama mumtsinje. Sizinangochitika mwangozi, poti nyimbo yoyamba m'chimbalemo ndi The Fate of Ophelia. M'sewero la Hamlet la William Shakespeare, Ophelia ndi mtsikana amene anasokonezeka mutu Hamlet atamukana n'kupha bambo ake, ndipo mapeto ake anamira m'madzi.

Nyimbo yachiwiri yatenga dzina la Elizabeth Taylor, katswiri wa mafilimu amene anabadwira ku London mu 1932 n'kumwalira mu 2011. Mayiyu anapata mphoto ya Oscar kawiri, koma manyuzipepala ankakonda kulemba za maukwati ake asanu ndi atatu kuposa luso lake. N'zosavuta kuona chomwe Swift, amene zibwenzi zake zawerengedwa ndi dziko lonse chiyambire ali mtsikana, akuona mwa mayiyu. Nyimbo yomaliza, yomwe yapereka dzina ku chimbale, waimba ndi Sabrina Carpenter, mtsikana amene ankatsegulira Eras Tour ku Latin America, Australia ndi Singapore asanaphulike yekha ndi Espresso mu 2024. Ndiye mlendo yekhayo m'chimbale chonse.

Mayina ena, monga Cancelled! ndi Father Figure, akundipatsa nkhawa pang'ono. Akununkha milandu yakale. Nyimbo zodandaula za kutchuka ndi msampha womwe wakola oimba ambiri akuluakulu. Mutu ukakula sulewa nkhonya, n'zoona, koma munthu amene wakwera basi m'mawa kupita kuntchito yosakwanira lendi savutika kumvera chisoni mtsikana wosiyidwa ndi chibwenzi, pomwe kumvera chisoni mwini ndege yakeyake amene anthu amunena pa intaneti kumafuna luso lapadera la wolemba. Komabe si bwino kunamizira kuti kuseri kwa ulendo uja kunali mtendere wokhawokha. Mu Ogasiti 2024 zionetsero zitatu za ku Vienna zinalephereka apolisi a ku Austria atatulukira chiwembu chofuna kupha anthu pabwalo la zoimbaimbalo. Patangopita masiku ochepa Swift anakweranso nsanja ku Wembley, akumwetulira, atavala zonyezimira. Ngati m'nyimbo 12 zija muli ina yomwe yagwira mantha a sabata imeneyo, ndiye kuti dzina la chimbale silinapite pachabe.

Chimbale chimodzi, zikuto zambirimbiri

Mbali yomwe ikuwawa ena ndi ya kagulitsidwe. Chitangolengezedwa, tsamba la Swift linkaika wotchi yowerengera nthawi chobwerera m'mbuyo, ikafika pa ziro n'kutulukira mtundu wina wa chimbale chomwechi, chikuto china, mbale ya galamafoni ya mtundu wina, yogulitsidwa kwa maola owerengeka kapena mpaka itatha. Palinso ma CD ndi makaseti. Nyimbo zake ndi zomwezo 12. Wotsatira weniweni amagula katatu, kanayi, mbale zina osaziika n'komwe pa galamafoni, kungozikhoma pakhoma.

Chifukwa chake chili m'kawerengedwe. Pa mndandanda wa Billboard 200 mu 2025, munthu mmodzi akagula chimbale chimodzi zinkafanana ndi nyimbo kumvetseredwa maulendo 1,250 ndi anthu olipira pa intaneti, kapena maulendo 3,750 ndi omvetsera mwaulere. Ndiye kuti mtsikana mmodzi wogula zikuto zinayi wakweza manambala kuposa mnzake amene wakhala sabata yonse mahedifoni ali m'makutu. Mbale za galamafoni, zomwe ambiri tinkaziyesa za agogo, zinabwerera mwamphamvu ku America moti mu 2022 zinagulidwa zambiri kuposa ma CD koyamba chichokereni 1987. The Tortured Poets Department yokha inagulitsa mbale zotere 859,000 m'sabata imodzi.

Billie Eilish anadzudzulapo mchitidwewu mu 2024, ponena kuti ukuwononga chilengedwe ndipo cholinga chake ndi manambala chabe, ngakhale sanatchule dzina la munthu. Oikira kumbuyo Swift amati palibe amene amakakamizidwa kugula, ndipo pafupifupi oimba onse akuluakulu akuchita zomwezo. Zonsezo n'zoona. Koma wotchi yothamangitsa mwana wa sukulu kuti agule lero chifukwa mawa kulibe siikidwa ndi munthu amene akuganiza za chuni ndi mawu. Woimba amene anamenya nkhondo yonena kuti nyimbo ndi ntchito ya mtima, osati katundu wongogulitsana pakati pa makampani, akuyenera kufunsidwa funsoli kuposa anzake.

Kumapeto kwa sabata yotulutsa chimbalechi, kuyambira pa 3 mpaka pa 5 Okutobala 2025, nyumba zoonetsera mafilimu ku America ndi mayiko ena zinaonetsa filimu ya mphindi 89 yokhazikitsira chimbale, momwe muli kanema wa The Fate of Ophelia ndi Swift akufotokoza chiyambi cha nyimbo iliyonse. Anachitaponso zofanana mu 2023 ndi filimu ya Eras Tour, pomwe anadumpha makampani akuluakulu a ku Hollywood n'kugwirizana mwachindunji ndi eni nyumba za mafilimu a AMC.

Amalonda maso awo anali pa nambala imodzi. Mu Novembala 2015 chimbale cha Adele chotchedwa 25 chinagulitsa makope 3.38 miliyoni m'sabata yoyamba ku America, ndipo kwa zaka pafupifupi khumi panalibe wofikapo. Adele anachita zimenezo atakana kuika chimbalecho pa Spotify kwa miyezi ingapo, kuti ofuna kumva agule. Swift anayesera njira ina, ya zikuto ndi mawotchi.

Za mphoto ndiye adikira. Swift ndi woimba yekhayo amene wapata Grammy ya chimbale chopambana pachaka kanayi, ndi Fearless mu 2010, 1989 mu 2016, Folklore mu 2021 ndi Midnights mu 2024. Mwambo wa 2016 uja ndi womwewo umene akaidi a kundende ya Zomba anapikisana nawo m'gawo la nyimbo za mayiko osiyanasiyana, koyamba dzina la Malawi kumveka kumeneko, mphoto n'kupita kwa Angélique Kidjo. Zimbale zopikisana pa mwambo wa 2026 zinayenera kutuluka pofika pa 30 Ogasiti 2025, choncho The Life of a Showgirl inachedwa ndi mwezi wathunthu ndipo idzaweruzidwa mu 2027, nthawi yomwe zikuto zonyezimira zidzakhale zitatha kale m'masitolo ndipo oponya voti adzakhale atazimva nyimbo 12 zija kwa chaka chathunthu.